Chithunzi Chimene Ndinajambula ku Mua

Ulendo wa ku Zomba unabwera chifukwa cha matabwa. Bwana wa amuna anga, mwini lole ndi makoka kunyanja kwathu ku Maganga, ankafuna kukhomesa boti latsopano lopita ku Mbenji, ndipo anati matabwa abwino ndi a kuphiri la Zomba basi. Loleyo inkapita yopanda kanthu. Ndiye amuna anga aFanuel, amene ankaiyendetsa, anapempha kuti atengeko abale ndi anthu angapo a kutchalitchi kwathu tikaoneko dziko. Zipani zinali zitangochuluka kumene, ndipo munthu unkatha kukwera galimoto popanda wina kukuimitsa kuti uonetse khadi la chipani. Aliyense ankafuna kuyenda, ngakhale amene analibe kopita.

Ine ndinali ndisanapitirirepo Chipoka. Kwathu ndi ku Chitala, kunyanja ndinabwera chitengwa, ndipo apa n'kuti tatha zaka zinayi m'banja popanda mwana. Anzanga onse ankaitanidwa make uje, make uje, ine ndinali ndikadali Naphiri yemwe uja wa tsiku laukwati. Apongozi anga sankanditukwana ayi, anali mayi wopemphera. Koma ankadziwa kuponya mawu maso ali m'lichero la mpunga. "Kale mwamuna zikamukanika kutali ankabwerera kwa msuweni wake," ankatero. "Magazi odziwana sakanana."

Msuweniyo analipo, dzina lake Dorika, mwana wa amalume awo a aFanuel. Ankataipa mu ofesi ina ku Lilongwe ndipo anali wosakwatiwa. Anafika kwathu ulendo uli mawa, atavala buluku. Lamulo loletsa akazi kuvala buluku linali litangochotsedwa, ndipo mkazi woyamba amene ndinamuona ndi maso angawa atalivala anali iyeyu, pakhomo panga.

"Amuna anga, mwaonda chonchi bwanji?" anatero akuwagwira m'masaya. "Kodi mkazi mnzangayu sakukuphikirani?"

"Wafika mwini nyumba," aFanuel anayankha akuseka. "Naphiri, mupatse makiyi."

Aliyense anaseka, inenso ndinaonetsa mano. Chisuweni ndimachidziwa, nanenso ndili nawo asuweni ku Chitala amene timanyozana mpaka misozi. Koma chisuweni chimakoma ukakhala ndi mwana kumsana. Komanso kwathu ndikudziwa mabanja atatu amene anayamba ndi nthabwala zomwezi.

M'mawa mwake nkhani inali ya mpando. Kutsogolo kwa lole kumakwana anthu atatu: woyendetsa ndi ena awiri. Mpando umodzi unali wa apongozi, pamenepo panalibe mtsutso. Winawo, pa malamulo onse a dziko lapansi, ndi wa mkazi wa dalaivala. Ndinali nditachapa chitenje changa chatsopano, nditadzola, nditayima pafupi ndi chitseko.

"Dorika ali ndi chifuwa cha mphumu," apongozi anatero. "Fumbi la kumbuyo limupha. Inu apongozi ndinu olimba, munakulira kumunda."

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anali otanganidwa kwambiri ndi kupukuta galasi limene anali atalipukuta kale. Ndinakwera kumbuyo.

Kumbuyoko tinalipo anthu ngati khumi ndi awiri, titakhala pa matumba ndi mphasa. Pafupi nane panali Che Saidi, mkulu wachisilamu wokhoma maboti, amene ankapita kukasankha yekha matabwawo chifukwa sankakhulupirira maso a munthu wina aliyense. Ndinasankha malo oyandikana ndi kawindo kakang'ono ka kumbuyo kwa dalaivala. Ndinauza anthu kuti pamenepo sipadutsa mphepo. Zoona zake n'zakuti pakawindopo pankaoneka mitu itatu, ndipo wapakati unali wa Dorika.

Pa Salima tinaima nthawi yaitali pothira mafuta, chifukwa kwacha inali itagwa ndipo mtengo unali utasintha usiku womwewo, moti aFanuel anachita kukaimbira bwana foni ku positi ofesi. Titanyamuka, anzanga anayamba nyimbo. Unali mwezi wa Seputembala, mitengo ya m'mapiri ikuphuka masamba ofiira, ndipo amayi ena ankaloza uku ndi uku. Ine Chipoka ndinamudutsa osamuona. Ngodzi ndinangomva anthu akumutchula. Chimene ndinaona ndi chakuti Dorika anasenda nthochi, n'kuinyema, n'kuika chidutswa m'kamwa mwa amuna anga chifukwa manja awo anali pa chiwongolero.

"Mama, khosi lipweteka," Che Saidi anandiuza motsitsa mawu. "Dziko lili mbali iyi."

Pa Mtakataka tinapatuka kukwera ku Mua, kumishoni yakale ija. Kunali tchalitchi cha njerwa chimene anamanga agogo a agogo athu, nyumba zojambulidwa nkhani za makolo m'makoma, osema ziboliboli atakhala pansi pa mitengo, ndi dimba la maluwa lotsetserekera kumtsinje. Kumeneko ndi kumene Dorika anatulutsa kamera m'chikwama chake. Inali yakuda, yaing'ono ngati sopo wochapira, ndipo anati muli filimu ya zithunzi makumi awiri ndi zinayi. Anaipereka kwa aFanuel, n'kuyamba kuima. Anaima pakhomo la tchalitchi dzanja lili m'chiuno. Anaima atakumbatira chiboliboli. Anakhala pamwala miyendo atapingasa, zimene munthu wovala chitenje sangayerekeze. Ine ndinkawerenga: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

Kenako anandikodola. Mtima unati mwina yafika nthawi yanga.

"Mkazi mnzanga, bwera utijambule ine ndi amuna angawa. Uyang'ane pakabowoka, udine apa. Koma kachitseko ka kumbuyoka usakatsegule, kuwala kukalowa zithunzi zonse zipsa."

Ndinalandira kamera ngati ndikulandira mbale ya moto. Anaima pansi pa mtengo wa maluwa, aFanuel n'kuika dzanja paphewa pake. Ndinapendeketsa kamerayo dala kumanzere kuti Dorika adukepo, atsale amuna anga okha. AFanuel anaphulika kuseka. "Naphiri, wagwira ngati ukufuna kuponya mwala!" Ndinadina. Palibe amene anati tsopano ajambulidwe Naphiri. Apongozi anati dzuwa lakwera, tizipita.

Kuchokera ku Mua mpaka ku Balaka kunali kutentha kosaneneka. Pa Golomoti tinagula malambe, ndipo cha ku Bilira anthu anali ataima m'mbali mwa msewu ndi mipani ya mbewa. Amayi ena anamenya denga la lole kuti aFanuel aime. Che Saidi anatembenukira kwina n'kutseka mphuno ndi chisoti chawo, anthu n'kumawaseka. Dorika anatsika, n'kunyamula mpani wa mbewa m'mwamba ngati wapha yekha. Chithunzi chachisanu ndi chimodzi. Sanadyeko n'komwe, anati zimamupatsa ziwengo.

Ku Liwonde tinafika dzuwa litapendeka, ndipo tinagona pasukulu ina imene mphunzitsi wamkulu wake anali wa mpingo wathu. Amayi m'kalasi imodzi, abambo m'kalasi ina. Dorika anayala mphasa yake pafupi ndi yanga. Anandipatsa mafuta ake onunkhira kuti ndidzole m'mapazi, n'kundifunsa za kwathu ku Chitala. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi chimenechi: mkaziyo sanali woipa. Akanakhala wamwano zikanandipepukira. Ndinkadziuza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma nyererezo ndinazifunafuna osazipeza.

M'mawa tinapita kumalo osungira nyama. Pageti mlonda anayang'ana loleyo, n'kuyang'ana ife, n'kunena kuti galimoto yotere sinalowepo chikhalire. Anati afunse akuluakulu pa wailesi yake, koma wailesiyo inali yopanda mabatire. Anatuma mnzake pa njinga. Tinakhala pansi pa mtengo wa mlambe maola awiri, tikudya chinangwa chophika, apusi akutiyang'ana. Che Saidi anayala kansalu kawo n'kuchita swala, pemphero lawo. Amayi awiri anayamba kukangana za zipani, wina akuti zinthu zakwera mtengo chifukwa cha ufulu womwewu, wina akuti bola kugona ndi njala pakamwa pali potsegula. Kale kukangana kotere pamsewu kukanatimangitsa tonse.

Wa njinga uja sanabwerenso. Amene anatsegulitsa geti ndi Dorika. Anapita kwa mlondayo, n'kulankhula naye Chingerezi chosakaniza ndi kuseka, n'kumulonjeza kuti amujambula atanyamula mfuti yake. Mlondayo anawongola kolala, anajambulidwa, n'kukwera nafe kuti atilondolere. AFanuel anaomba m'manja. "Mkazi wanga wamkulu ameneyo. Pakanapanda iwe tikanabwerera pageti." Apongozi anatulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana kumbuyo kuti aone ngati ndamva. Ndinamva.

Njovu tinazionadi, zisanu ndi kamwana, zikuwoloka msewu mosafulumira ngati mafumu opita kumaliro. Tinaona mvuu mumtsinje wa Shire, nswala, ndi njiri zothamanga michira ili m'mwamba. Anthu ena anagwirana manja. Ine kamwana ka njovu kaja kanandikhudza mwina. Kankayenda pakati pa miyendo ya make, ndipo ndinaona pakawindo apongozi akukaloza, n'kumugwira Dorika pabondo. Sindinamve zimene ananena, koma sindinafunikire kumva. Potuluka pageti n'kuti zithunzi zakwana khumi ndi zisanu, changa palibe.

Msewu wa ku Zomba umakwera pa Machinga, ndipo lole yathu inkakwera ikulira ngati ng'ombe. Pa Domasi mpweya unasintha, kunayamba kuzizira. Tisanalowe m'tauni aFanuel anapatukira kumsewu wafumbi, n'kuyenda mtunda ndithu m'chigwa chopanda mitengo. Anthu anafunsana kuti tikupita kuti. Anaima pa ndende ina yakale imene boma latsopano linali litatsegula kuti anthu azikaona.

Nkhaniyi ndinkaidziwa mwapatalipatali, chifukwa m'banjamo sinkatchulidwa. Bambo ake a Dorika, mlongo wawo wa apongozi anga, anali mphunzitsi. A boma lakale anawatenga kalekale Dorika ali wamng'ono, ndipo sanabwerere. Apa ndi pamene anawasunga. Tinalowa m'tizipinda topapatiza, m'makoma muli mayina ndi timizere tolembedwa ndi misomali. Dorika anafufuza khoma ndi khoma, chala chikuyenda, nthabwala zonse zitatha. M'chipinda chachitatu anapeza dzina la bambo ake, pansi pake palembedwa kuti Salima. Anagwada pomwepo. Apongozi analira maliro enieni. AFanuel anajambula khomalo kawiri, chifukwa mayi ake a Dorika anali atapempha kuti ngati dzinalo lilipo, akufuna alione asanafe.

Ndinene zoona, popeza ndakalamba ndipo palibe amene angandimange. Ndinalira nawo. Koma pamene aFanuel anamudzutsa Dorika n'kumugoneka mutu pachifuwa pawo, n'kumamusisita kumsana, misozi yanga inauma. Ndinachitira nsanje ngakhale chisoni chake. Ndinaganiza kuti awiriwa ali ndi maliro amodzi, magazi amodzi, ubwana umodzi, ndipo ine ndili ndi chiyani? Mphasa ndi mapoto.

Tsiku lotsatira Che Saidi ndi aFanuel anakwera kuphiri m'mamawa kukasankha matabwa. Anatsika masana lole itadzaza, Che Saidi akudandaula kuti ocheka a masiku ano sadziwa kuyanika. M'mawa mwake tisananyamuke tinalowa m'dimba lalikulu la maluwa la m'taunimo, limene azungu analima kalekale m'mbali mwa kamtsinje. Mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa, ena atayoyokera pansi moti udzu sunkaoneka. Munali nsungwi zazitali, timilatho, ndi mitengo yokhala ndi mayina pa tizitsulo ngati odwala m'chipatala. Ine ndinakhala pabenchi ndekha, nkhope nditaikwinya. Ndinali ndisanalankhule ndi amuna anga chichokere ku Mua.

Dorika anabwera maso akadali otupa. "Mkazi mnzanga, dzuka. Kwatsala zithunzi ziwiri, chimodzi ndi chanu awiri."

"Ndatopa," ndinatero.

"Naphiri, bwera," aFanuel anatero. Sanaseke. Anandigwira dzanja pamaso pa amayi awo ndi anthu onse a kutchalitchi, chinthu chimene sanachitepo. Anandiimika pakamlatho, n'kundichotsa duwa limene linagwera pa duku langa, kenako n'kulibwezera pomwepo. Dzanja lawo linali lonunkha utomoni wa matabwa. Dorika anati tiseke, ine ndinakana kuseka, koma aFanuel anandigwira m'nthiti ndipo kuseka kunatuluka kokha. Kamera inalira.

Mukanaganiza kuti mtima unatsika. Unatsikadi, kuchokera ku Zomba mpaka ku Liwonde. Koma pobwerera ndinakweranso kumbuyo, ulendo uno pamwamba pa matabwa, pomwe ngakhale kawindo kaja sikankaoneka. Kuona kumapweteka, koma kusaona kumaposa.

Titadutsa Balaka, chakumasana, lole inayamba kutulutsa nthunzi. AFanuel anaimika pambali, pamalo opanda nyumba, pali mitengo ya minga yokhayokha. Anatsegula kutsogolo n'kutulutsa lamba wa fani atadukiratu. Anayesa kumanga ndi chingwe cha khoka, chinaduka. Mayi wina anapereka mpango wake, unaduka. Panalibe kuchitira mwina koma kubwerera ku Balaka kukafuna lamba wina.

Tinadikira galimoto kwa ola lathunthu. Inabwera galimoto yaing'ono ya kabokosi yodzaza matumba a makala, malo a anthu awiri okha. Ndinayamba kumanga chitenje.

"Apite ndi Dorika," apongozi anatero. "Amadziwa kulankhula ndi amasitolo. Inu apongozi tsalani muziyang'anira katundu."

AFanuel anatola lamba woduka uja n'kupita kukakwera. Dorika anandiponyera chikwama chake. "Undisungire, mkazi mnzanga. Amuna athuwa ndikubwezera madzulo, ukapemphera bwino." Anakwera pamwamba pa makala mosavuta, chifukwa cha buluku lija, ndipo amuna anga anamugwira m'chiuno kuti asagwe.

Kudikira kwa tsiku limenelo sindidzakuiwala. Madzi anatha. Amayi ena anayenda mtunda kukapempha pachitsime, anabwera ndi madzi amchere. Ntchentche zinatipeza. Ola loyamba anthu ankaimba, lachiwiri ankakangana za amene anadya mandasi a mnzake, lachitatu aliyense anagona pansi pa lole. Galimoto iliyonse yochokera ku Balaka ndinkaimirira, n'kukhalanso. Apongozi, atatsamira tayala, anauza mnzawo mokweza ndithu kuti: "Ana awiri amenewa chiyambire ubwana wawo sasiyana. Atate ake a Dorika ankanena kuti ameneyu ndi mkamwini wanga." Mnzawoyo anawatsina, koma mawu anali atatuluka.

Ndinatenga chikwama chija n'kuzungulira kuseri kwa lole, kumene dzuwa linkawomba. Ndinatulutsa kamera. Musaganize kuti ndinaiwala za chithunzi cha pakamlatho, kapena za khoma lija. Ndinakumbukira zonse. Koma ndinaona m'maganizo zithunzi za Dorika zitapachikidwa m'nyumba ya apongozi, alendo akufunsa kuti wokongolayu ndani, apongozi akuyankha monyadira. Ndinaona cha ku Mua chija, dzanja lili paphewa. Ndinati changa n'chimodzi, zake ndi mulu. Chimodzi ndingataye, tidzajambulitsa china ku Salima, masiku alipo.

Kachitseko kaja kanatseguka mosavuta. M'kati munalibe zithunzi monga ndinkaganizira, munali kalamba kofiirira kokulungidwa. Ndinakaonetsa kudzuwa, n'kuwerenga mpaka khumi, n'kutseka.

Nditatembenuka ndinapeza Che Saidi ataima ndi kabotolo kawo ka madzi, akuchokera kosamba m'manja kuti aswali. Anayang'ana kamera, n'kuyang'ana ine.

"Mama, subira, lezani mtima," anatero. "Thabwa ukalidula silibwerera."

Sananenenso china, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse.

AFanuel ndi Dorika anafika dzuwa likulowa, akuda bii ndi makala. Ku Balaka lambayo kunalibe, anachita kukafika ku Liwonde. AFanuel anali atandigulira chambo chowamba ndi sopo wonunkhira. Anamanga lambayo, tinanyamuka, ndipo ku Maganga tinafika anthu atagona. Dorika anabwerera ku Lilongwe m'mawa mwake, kamera ili m'chikwama, akulonjeza kuti zithunzi atumiza.

Patatha milungu iwiri Che Saidi anafika pakhomo ndi kanthu kokulunga m'pepala. Inali felemu, yopangidwa ndi zidutswa za matabwa a ku Zomba aja, yopalidwa bwino mpaka kuwala. Anaipereka kwa aFanuel osandiyang'ana.

"Ndinawapempha tili ku Zomba," amuna anga anandiuza. "Ndi ya chithunzi chathu chija. Tichipachika apa, aliyense wolowa aziona kuti nyumba ino ndi ya ndani. Amayi nawonso aziona."

Ndinati zikomo. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukhala pamtondo nthawi yaitali.

Envelopu ya zithunzi inabwera ndi kondakitala wa basi. Ine ndinkaganiza kuti dzuwa limapsereza zonse mofanana, monga Dorika ananenera. Sindinkadziwa kuti filimu imadzikulunga, zoyamba zimabisala m'kati, zomaliza ndi zimene zimakhala pamwamba. Zinapulumuka zisanu zokha, za ku Mua. Dorika pakhomo la tchalitchi. Dorika ndi chiboliboli. Dorika pamwala, kawiri. Ndi chachisanu, chimene ndinajambula ine mwini, chopendekeka pang'ono koma chowala kuposa zonse, onse awiri athunthu. Njovu zinapsa. Mlonda ndi mfuti yake anapsa. Khoma la dzina lija linapsa, ndi kamlatho komwe.

M'kalata yake Dorika analemba kuti wotsuka zithunzi akuti kamera inatsegulidwa, koma iye akuganiza kuti inagwedezeka m'lole. Anati mayi ake analira, koma awafotokozera ndi pakamwa mmene dzinalo linalembedwera. Pomaliza anati, "Moni kwa mkazi mnzanga, pepani chanu chija chinapsa, munaseka bwino."

AFanuel anawerenga kalatayo kawiri. "Chikwama chija chinali ndi iwe, Naphiri," anatero.

Ndinabweza zithunzizo mu envelopu.

"Ukanandifunsa. Ndikanakuuza kuti amayi anandiuza chaka chatha zoti ndikwatire Dorika, ndipo ndinawakanira."

"Nanga mpando uja?" ndinafunsa. "Nanga ku Balaka? Munalibe pakamwa?"

Anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba. Sanandikalipire, ndipo nkhaniyo sanaiuze munthu. Felemu inakhala yopanda kanthu pawindo mpaka apongozi anaiona, n'kunena kuti chinthu chabwino chotere chisawonongeke. Anaikamo cha ku Mua chija n'kukachipachika kwawo.

Dorika anakwatiwa ku Mzuzu ndi munthu wa zamalonda. Ine chaka chachiwiri chake ndinabereka Tadala, ndipo anthu anayamba kundiitana make Tadala. Za kujambulitsa tinkangoti mwezi wamawa, nsomba zikagulidwa, mwana akayamba kuyenda. Tadala ali ndi zaka zitatu, aFanuel anadwala milungu iwiri n'kutisiya. Pa ukwati wathu ku Chitala panalibe wojambula. Kachithunzi ka pa laisensi kanapita ndi abale awo pamodzi ndi wailesi ndi njinga. Apongozi atamwalira, felemu ija inabwera kwa ine, chifukwa nkhope ya bambo a mwana wanga inatsala mmenemo mokha.

Ili pakhoma mpaka lero. Kangapo konse ndatengapo lumo kuti ndimuchotse Dorika, koma ndikamudula ndidulanso mkono wa amuna anga. Alendo akalowa amati, "Koma mayi munali okongola, ndipo munkavala buluku nthawi imeneyo?" Ena ndimawakonza, ena ndimawasiya.

Tadala ali wamng'ono anakwera pampando tsiku lina n'kuloza. "Amayi, inu muli pati?"

"Ndili kutsogolo kwawoko, ndagwira kamera," ndinamuuza. "Ukuona abambo akowo akuseka? Akuseka ine."

Ndipo ndi zoona. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti Dorika akuyang'ana kumbali, koma maso a aFanuel ali pa ine. Tadala anayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti nanga bwanji agwira mayi enawo. Ndinamuuza kuti atsike pampando asanagwe.